Makoma Opanda Pulasitala

Ndikakwera minibasi yodutsa pafupi ndi yunivesite, ndimasankha mpando wa mbali imene sindingaone nyumba zake. Anthu ena amasolola makosi pawindo n'kumalozera ana awo kuti ukalimbikira sukulu udzalowa m'menemo. Ine maso anga amakhala pamsana pa kondakitala mpaka titadutsa. Nyumba zimenezo ndimadana nazo, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndikudziwa kuti nyumba ilibe mlandu ndi munthu. Koma izi zinalowa m'mutu mwa atate anga akadali mnyamata, kenako zinatulukamo n'kudzakhazikika pa puloti yathu ku Kalingalinga, komboni ya anthu wamba yoyandikana ndi yunivesiteyo, ndipo amene anazisenza moyo wawo wonse ndi amayi anga.

Atate anachokera ku Malawi dzikolo likadali ndi dzina lakale, potsatira amalume awo amene ankagwira ntchito m'mafamu a azungu. Anaphunzira ukalipentala apa ndi apo, mpaka pamene dziko lino linalandira ufulu, boma n'kuyamba kumanga sukulu yaikulu ija patchire la udzu kuseri kwa komboni yathu. Anawalemba m'gulu la okhoma mashatala. Mashatala ndi mabokosi a matabwa amene amaimikidwa kuti athiremo konkire yamadzimadzi. Ikauma amachotsa matabwawo, khoma n'kutsala chilili. Ntchito yawo inali imeneyo basi, kukhoma ndi kukhomola. Koma mukanawamva akufotokoza, mukanaganiza kuti mapulani onse anajambula ndi iwowo.

Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, ana a anzathu ankathamangira kunyumba kukadya. Ine, mwana wawo mmodzi yekha, atate ankandigwira dzanja n'kundikokera ku yunivesite. Nthawi imeneyo munthu ankangotsata kanjira ka m'udzu n'kutulukira pakati pa nyumbazo. Zonse zinali zotuwa, mtundu wa phulusa, zopanda ngakhale dontho la penti. Madenga ake anali afulati, opanda malata, opanda nsonga. Nyumba ina inkalumikizana ndi inzake ndi makonde ataliatali okhala pa zipilala, ena pansi ena m'mwamba, moti wophunzira ankatha kuyenda mtunda wautali osapsa ndi dzuwa. Masitepe anali panja, poyera. Mawindo anabisala kuseri kwa timakoma topyapyala toimirira, totchinga dzuwa la masana. Nyumba yosungiramo mabuku inali chibokosi chachikulu cholemera. Kwa ine, mwana wanjala wovala nsapato zothina za kutchalitchi, malo onsewo ankaoneka ngati omanga anapita kukadya nkhomaliro n'kuiwala kubwerera.

Chimene atate ankabwerera si kukula kwa nyumbazo ayi. Ankabwerera mizere. Matabwa a mashatala akachotsedwa amasiya zizindikiro pa konkire: mzere pamene thabwa linakumana ndi linzake, ndi timitsempha ta mtengo, ndi mfundo zake. Makoma onse kumeneko anali ndi mizere yopingasa yoteroyo, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Atate ankatenga chikhatho changa n'kuchikanikiza pakhoma.

"Gwira apa. Ukumva? Iyi ndi mfundo ya thabwa. Thabwa limeneli ndinakhoma ndine."

Ine ndinkamva khoma lokhakhala ndi mimba yolira, basi.

Kenako inkabwera nkhani ya mzungu wa mapulani, imene ndinaimva mpaka makutu kuwawa. Akuti tsiku lina atachotsa mashatala, mmisiri wina anatenga chipande chake n'kuyamba kusalaza khoma ndi simenti, poganiza kuti akuthandiza. Mzungu uja anabwera akuthamanga, nkhope ili psuu, n'kumulanda chipandecho. Anasonkhanitsa antchito onse n'kuwauza kuti khoma la konkire lizisiyidwa momwe latulukira, lizionetsa manja a amene analiumba, ndipo kulipaka pulasitala ndi kunama. Anzawo onse anaseka n'kuiwala tsiku lomwelo. Atate anga okha ndi amene anawameza mawuwo, ndipo anawasunga kuposa mmene anasungira ulaliki uliwonse wa abusa. Mzunguyo anamaliza ntchito n'kubwerera kwawo, kumene ndikukhulupirira kuti ankagona m'nyumba ya penti ndi denga losadontha.

M'komboni aliyense amadziwa mmene nyumba imakulira. Umayamba ndi zidina zadothi. Mulungu akakukumbukira umaumba mabuloko, kenako malata, kenako pulasitala, pomalizira penti. Munthu wodutsa pamsewu akayang'ana khoma lako amadziwa pamene wafika. Nyumba yopanda pulasitala imanena chinthu chimodzi chokha, kuti mwini wake akadavutika. Palibe amakuseka chaka choyamba kapena chachiwiri, poti tonse tinadutsa momwemo. Koma ana akakula khoma likadali lamaliseche, anthu amayamba kufunsana kuti kodi bambo wa pamenepo amagwira ntchito yanji.

Anthu atayamba kugwetsa nyumba zadothi, atate anakana kuumba mabuloko. Anatolera matabwa otha ntchito, anawapala bwinobwino, n'kuimika mashatala pa puloti yathu. Amene anaphwanya miyala yothira m'konkire ndi amayi. Ankakhala m'mphepete mwa msewu ndi azimayi anzawo, nyundo m'manja, kuphwanya miyala kuyambira m'mawa, fumbi lili m'maso ndi m'mphuno. Ina ankagulitsa kuti tidye, ina ankasenzera kunyumba pamutu. Anachita zimenezi ndi mtima wonse, zaka zingapo, khoma likukwera pang'onopang'ono. Ankanyadira kuti mwamuna wawo akumanga cholimba kuposa cha aliyense. Palibe anawauza kuti chikadzafika pamwamba ndiye kuti chatha. Atathira silabu ya denga, yafulati ngati ya ku yunivesite, atate anachotsa matabwa, anasamba m'manja n'kunena kuti tilowe.

Amayi anafunsa kuti nanga pulasitala liti. Atate anaseka ngati amva nthabwala.

Ndifotokoze mmene zimakhalira kugona m'maganizo a munthu wina. Mwezi wa Okutobala silabu ija inkamwa dzuwa tsiku lonse n'kumatiphika. M'nyengo yozizira makoma ankazizira mpaka m'mafupa. Mvula ikayamba, madzi ankaima padenga posowa kotsetserekera, n'kupeza okha njira. Tinali ndi mabeseni ndi mapoto amene ntchito yawo inali yolandira madontho basi, ndipo ndinkadziwa malo a lililonse kuposa mmene ndinkadziwira masamu. Ku yunivesite anali ndi simenti ya boma ndi makina osakanizira. Atate anali ndi fosholo ndi simenti yoperewera, choncho makoma athu ankanyenyeka fumbi lotuwa, ndipo m'dzinja m'mizere yawo yokondedwa ija munkamera nkhungu yakuda mobiriwira. Ukayedzamira khoma, linkakusindikiza pamsana. Ndinaphunzira ndili wamng'ono kukhala chowongoka pakati pa chipinda ngati mlendo.

Komanso khomalo linkakana msomali. Pamwamba linkanyenyeka, koma m'kati munali miyala ya amayi, ndipo msomali ukaigunda unkapindika. M'nyumba za anzathu munali makalendala, zithunzi za ukwati, wotchi, nsalu yolembedwa vesi. Kwathu chithunzi cha ukwati wa makolo anga chinakhala m'sutikesi. Ana a m'komboni ankatcha nyumba yathu thanki, ine n'kukhala mwana wa m'thanki. Ena achipongwe ankagogoda n'kufunsa ngati toileti ya kanselo ndi yotsegula. Ndinamenya ena, ena anandimenya. Ndikakanena kwa atate, ankati anthu a m'komboni sadziwa zomangamanga.

Amayi sankasamala za ana achipongwe. Nkhawa yawo inali ina, ndipo ankainena poyera. Anali a mvano, gulu la azimayi a kutchalitchi ovala bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda, amene amasonkhana Lachinayi ndipo saphonya maliro. Kuno maliro amachitikira pakhomo. Mipando yonse imatulutsidwa, abambo amakhala panja pa tenti, azimayi amadzaza m'nyumba, kukhala pansi motsatira makoma, misana itayedzamira, masiku angapo mpaka tsiku loika. Amaimba, amalira, komanso amaona. Amayi anali atakhala m'nyumba za maliro zosawerengeka, ndipo ankadziwa zimene zimakambidwa pobwerera: uje anasiya pakhomo pooneka bwino, uje anavutika mpaka kufa. Tsiku limenelo mwini nyumba sakhalapo kuti afotokoze.

"Ine kufa sindikuopa," ankatero. "Ndikuopa maliro anga. Anzanga adzayedzamira pati?"

Sanapemphe galimoto kapena nyumba ya kumayadi. Anapempha pulasitala m'chipinda chochezera, ndi penti ya mtundu wa thambo. Ankatchula nkhaniyi modekha, kenako mokalipa, kenako molira. Chaka china anafika poitana ankhoswe. Anabwera amuna awiri okalamba, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, atavala majekete, akuganiza kuti mwina kwapezeka mkazi wina. Atamva kuti mlandu ndi pulasitala anayang'anana. Atate anawaperekeza kuzungulira nyumba, kuwagwiritsa mizere, kuwauza za mzungu. Pobwerera m'nyumba, nkhoswe ya kwa amayi yeniyeniyo ndi imene inaweruza.

"Mlongo wanga, mwamuna uyu samwa, samenya, sagona kunja. Inu mukufunanso chiyani?"

Anadya nkhuku yathu n'kumapita. Ndinaona pamsana pa majekete awo pali fumbi lotuwa, ndipo sindinawauze.

Ndinakula, ndinakwatiwa, ndinasamukira ku komboni ya Mtendere, kumene lendi yake inali ya kachipinda kamodzi koma kopaka laimu. Tsiku loyamba ndinakhoma misomali khoma lonse popanda chopachikapo, kungofuna kumva msomali ukulowa. Kwa makolo ndinkapitako kawirikawiri, poti si patali. Amayi anali atasiya kuphwanya miyala chifukwa cha chifuwa chimene sichinkatha, n'kuyamba kugulitsa tomato ndi makala pakhomo. Anasiyanso kukangana ndi atate. Ndinkaganiza kuti agonja, kufikira tsiku limene anandilowetsa m'chipinda changa chakale n'kundionetsa pakona. Panali matumba a simenti, osanjikidwa pa matabwa, okutidwa ndi pulasitiki, pamwamba atayala chitenge. Ankagula limodzilimodzi malonda akayenda, n'kulibweretsa pa wilibala atate atachoka. Atate ankadziwa, poti nyumbayo inali yaing'ono. Ankangodutsa ngati pakonapo pali mpando.

Ndiye tsiku lina kunabwera mayi wina woyandikana nawo, amene ankasesa kogona ophunzira ku yunivesite. Ine ndinali pompo, ndikuthandiza kusankha tomato. Analowa akupuma mothamanga.

"Ba neba, mwamvela? Kuyunivesiti bayamba kupenta! Vipupa vija va kudala, bapenta. Na pamwamba bayika malata, ati kunali kudontha maningi."

Amayi anasiya tomato n'kuimirira. Sindinawaonepo akusangalala choncho chiyambire kudwala. Kwa iwo nkhani inali itatha. Ngati eni ake ophunzira avomera kuti khoma lifunika kuvala, ndipo denga lafulati limadontha, kalipentala wa ku Kalingalinga angakanenso bwanji? Anandituma kuti ndipite ndi atate tikaone ndi maso. Ndinavomera msanga, ndipo sindibisa, ndinkafuna kukaona nkhope yawo.

Panali patapita zaka zambiri ndisanalowemo. Kanjira ka m'udzu kanali katatsekedwa, tinalowera pageti. Malowo anali atadzaza. Pakati pa nyumba zakale panali patamera zatsopano za magalasi, za matailosi, za madenga ofiira, zofanana ndi mashopu a m'tauni. Zakalezo zinali zitada ndi mvula, zina zili ndi mikwingwirima yakuda yotsika kuchokera padenga, ndendende ngati kwathu. Tinafika pa nyumba imene atate ankaikonda koposa. Inali itazingidwa ndi makwerero a zitsulo. Pamwamba pa silabu anali atakhoma denga la malata, ndipo amuna ovala maovolosi ankapaka penti yachikasu. Theka la khoma linali litaphimbika kale. Mizere inkaonekabe pang'ono pansi pa pentiyo, koma mfundo ndi timitsempha zinali zitatsekeka.

Atate anayandikira, anatambasula dzanja. Wopenta wina anakuwa ali pamwamba.

"Mudala, chokaniponi apo, penti izakugwelani!"

Anabweza dzanja n'kuliika m'thumba. Ine mumtima ndinkavina. Ndinati, "Mwaona, ba tate? Na beve batopa navo." Anatembenuka n'kuyamba ulendo wa kunyumba. Njira yonse yobwerera anayenda patsogolo okha, ndipo ndinkaganiza kuti ndi manyazi a munthu amene wazindikira.

Tinapeza amayi atasamba, atavala chitenge chatsopano, ataphika nsomba. Anadikira kuti atate akhale pansi, anawapatsa madzi osamba m'manja, kenako anafunsa mwaulemu.

"Mwaonako, abambo?"

"Ndaona," anatero atate. "Aononga. Ana a masiku ano sadziwa chimene anapatsidwa." Anayang'ana khoma lathu kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kuligwira. "Ndiye kuti yatsala ino yokha. Ino aliyense asaikhudze."

Amayi anatenga beseni la madzi n'kutuluka nalo panja, ndipo anakhalako nthawi yaitali. Ine ndinalankhula, zambiri, zina zosayenera kuuza kholo. Atate anadya nsomba yawo mpaka kumaliza.

Mvula ya chaka chimenecho inali yambiri, ndipo chifuwa cha amayi chinakula. Kuchipatala anatipatsa mankhwala n'kutiuza kuti azikhala pouma. Ndinawapempha kuti asamukire kwanga, anakana, ati mkazi sathawa nyumba imene anaphwanyira miyala. Mwayi wopaka pulasitala unapezeka pamene mchimwene wa atate anamwalira ku Malawi, iwo n'kupita kumaliro. Basi isanafike n'komwe ku Chongwe, tauni ya pafupi nafe panjira ya ku Malawi, amayi anali atandituma kale kukaitana mmisiri wa kutchalitchi kwathu. Anati atate akadzabwera adzapeze zitatheka, akafuna adzawathamangitse.

Mmisiri anabwera ndi zipangizo zake. Amayi anadzikoka kuchoka pabedi kuti achotse okha chitenge chija. Anachotsa pulasitiki. Mmisiri anagwira thumba lapamwamba kuti alinyamule, anaima, analigogoda ndi chipande. Linalira ngati mwala. Anagogoda lachiwiri, lachitatu, mpaka lapansi. Silabu inali itang'ambika pamwamba pa kona imeneyo, ndipo madzi ankatsika mwakachetechete kutsata khoma, kulowa kuseri kwa pulasitiki n'kuumitsa simenti yonse.

"Amai, pepani," anatero. "Iyi simenti inasila kudala. Manje ni myala chabe."

Amayi anakhala pansi pa matumba omwewo. Sanalire. Anangoti, "Miyala yanditsatira mpaka m'nyumba."

Ndinawauza kuti simenti ina ndipeza, ndigulitsa mashini anga osokera ngati kuli kofunika. Mmisiri anati simenti si vuto lokhalo. Khoma longa limeneli silingagwire pulasitala pokhapokha litasemedwa lonse ndi nyundo, kuchotsa zonyenyeka ndi nkhungu, ndipo imeneyo ndi ntchito yotenga nthawi. Ndinati ayambe pompo. Ndinatenga nyundo yakale ya amayi n'kumuthandiza, ndipo sindinagwirepo ntchito yokoma ngati imeneyo. Mzere uliwonse umene unkagwa pansi, mtima wanga unkapepuka. Amayi ankamvetsera ali pabedi, akutsokomola ndi fumbi koma akutiuza kuti tisaleke.

Tinali titasema chigawo chimodzi cha khoma limodzi pamene atate anatulukira, msanga kuposa mmene tinkayembekezera. Anaima pakhomo ndi chikwama chawo. Sanakuwe. Anauza mmisiri kuti atole zake, ndipo iye, poti ndi munthu wa tchalitchi chimodzi ndi iwo, anatola. Kwa ine anati nyumba yanga ili ku Mtendere. M'mawa mwake anapita okha kukagula thumba la simenti, loyamba kugula chimalizireni nyumbayo. Anapala matabwa, anawaimika pa chigawo tinasemacho, anathira, anadikira kuti iume. Atachotsa, mizere inali itabwerera, yolumikizana bwinobwino ndi yakale. Luso analidi nalo, ndipo ndicho chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Amayi anaonera ntchito yonseyo kudzera pachitseko cha kuchipinda.

Sanadzukenso kwenikweni. Masiku awo omalizira atate ankawasamalira, ankawamwetsa phala ndi supuni, ankawatembenuza, ankasuntha bedi kuthawa madontho. Anthu ankayamikira kuti mwamuna wotere ndi wosowa. Ine ndinkaona munthu wokonzeka kupatsa mkazi wake chilichonse kupatula chimene anapempha. Tsiku lina atate atatuluka, amayi anandikoka dzanja.

"Zitenge zanga zili m'sutikesi. Tsiku limenelo udzazipachike m'makoma, anzanga asadzade."

Ndinalonjeza, ndipo ndinkaganiza kuti chimenechi chokha ndiye ndingathe.

Anamwalira mvula ikadagwa. Anthu akutulutsa mipando, ine ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa zitenge, pansi pake ndinapeza chithunzi cha ukwati chija. Ndinatenga nyundo ndi misomali. Woyamba unapindika. Wachiwiri unalowa pang'ono n'kugwa pamodzi ndi kachidutswa ka khoma. Ndinaitanitsa misomali yachitsulo yokhomera pa konkire, ina inagwira, yambiri inathothoka chifukwa pamwamba pake panali pofewa ndi chinyezi. Ndinayesa tepi yomatira, khoma lonyowa linakana. Ndinamanga chingwe kuchokera pawindo kufika pachitseko, koma mbali ziwiri zinalibe pomangirira. Azimayi anali atayamba kale kulowa akulira, ndipo mwana wa malemu sangamakhome misomali anthu akukhuza. Anandilanda nyundo n'kundikhazika pansi. Zitenge zochepa zimene zinapachikika zinagwa anthu atangoyamba kuyedzamira.

Nyumba inadzaza. Pakati pa chipinda panali mabeseni, azimayi atapinda miyendo mowazungulira, nyimbo ikuyenda pamodzi ndi madontho. Ena okalamba anakhala pa matumba a simenti aja, n'kumayamikira kuti pali pokhala pokwera. Mayi wina wochokera ku komboni ya Chawama, amene sankatidziwa bwino, anandinong'oneza mwachifundo.

"Mwana wanga, limba mtima. Nyumba muzasiliza pang'ono-pang'ono. Banayamba liti kumanga?"

Panja, kudzera pawindo, ndinkamva mawu a atate. Abambo ena anali atafunsa za khoma, mwina pongofuna kuwachotsa maganizo, ndipo iwo ankawafotokozera za mashatala ndi za mzungu wa mapulani.

Tsiku loika, amvano anabwera atavala zoyera, zochapa ndi kusita, mmene amachitira poperekeza mnzawo. Anakhala m'nyumba motsatira makoma kudikira galimoto, akuimba nyimbo zimene amayi ankakonda. Kenako tinapita kutchalitchi, n'kupitirira kumanda a ku Chunga. Titatsika, iwo anatsogola pamzere, awiriawiri, atanyamula nkhata za maluwa, ife achibale tikutsatira pambuyo pa bokosi. M'pamene ndinaona. Pamsana pa bulauzi iliyonse panali mizere yopingasa, yotuwa ndi yakuda mobiriwira, yotalikirana mofanana. Wina anali nayo paphewa, wina m'chiuno, wina mpaka pa duku. Gulu lonse la anzawo a amayi linkayenda pakati pa manda litasenza khoma lathu pamsana, anthu a maliro ena akutembenuka kuyang'ana. Ena mwa iwo anayamba kukunthana fumbi mwakabisira, koma nkhungu yonyowa sichoka ndi dzanja.

Atate ankayenda pambali panga, atagwiridwa mkono ndi mkulu wa mpingo. Misozi inkatsika, sindingawanamizire. Anayang'ana kutsogolo nthawi yaitali, kenako analankhula motsitsa.

"Mizere yanga ija."

"Inde, yanu," ndinatero. "Bonse bayiona."

Kaya ananena mwachisoni kaya monyada sindinawafunse, chifukwa kwa amayi zinali zitachedwa kale. Chimene ndikudziwa n'chakuti anakhalabe m'nyumba imeneyo mpaka kukalamba kwenikweni, ndipo sanaipake kanthu. Ndinkawapititsira chakudya, poti ndi atate anga, koma ndinkawapatsira pakhomo.

Lachinayi lotsatira maliro, amvano anabweranso kudzatipepesa, mwa mwambo wawo. Ndinali nditasesa, nditayala mphasa motsatira makoma monga zimakhalira kulikonse. Analowa mwaulemu, anapereka moni, ndipo palibe anatchula za mabulauzi. Koma aliyense anali atafunda chitenge chakale pamapewa, ngakhale kunja kunkatentha. Mtsogoleri wawo anawerama, anagwira mphasa, n'kuikokera pakati pa chipinda. Enawo anachita chimodzimodzi. Anakhala mothinana pamenepo pakati pa mabeseni, misana ili njo, kutali ndi khoma, n'kuyamba kupempherera nyumba ya mnzawo.